Kuika towbar pa saluni ya banja kuti izikoka katirela: mafunso ndi mayankho

Chiikireni towbar, chitsulo chokokera tirela chomangidwa kumbuyo kwa galimoto, pa saluni yathu anthu sasiya kundifunsa, ena pothira mafuta ena pa foni, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo nde ndangoti ndiwaike pamodzi ndiyankhe kamodzi. Ndikunena za galimoto wamba ya banja, ya zitseko 4 ndi buti kumbuyo, imene mukufuna izikoka katirela kakang'ono ka zinyalala za pakhomo, mipando mukamasamuka, kabwato, kapena izinyamula njinga. Za malole ndi ma pickup akuluakulu si za pano.

Kodi saluni ingakokedi tirela kapena ndi kungoizunza?

Ingakoke ndithu, zambiri zimakoka bwinobwino bola katundu akhale wa msinkhu wake. Koma si zonse ayi. Yankho la galimoto yanuyo lili mu buku lake lija ambiri timangolisiya mu dashibodi osalitsegula, pitani pamene alemba za towing. Nthawi zambiri mupeza manambala atatu, kulemera kwa tirela yopanda mabuleki, kwa tirela yokhala ndi mabuleki ake, ndi kulemera kumene kukuloledwa kutsamira pa mpira wa towbar, kachitsulo kobulungira kamene tirela imakolekedwapo. Galimoto zina bukulo limangonena poyera kuti iyi musakokere kanthu, izi zimapezeka pa ma hybrid ena, zamagetsi zina ndi timagalimoto tina ta giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki. Buku likati ayi ndiye kuti ayi basi, olo pa intaneti mupeze towbar yoti ikukwana pa model yanuyo. Kukwana kwa chitsulo sikutanthauza kuti mabuleki ndi giyabokosi zavomera.

China chimasokoneza anthu nchakuti galimoto imodzimodziyo imatha kukhala ndi nambala yabwino yokokera ku Europe kapena ku Australia pamene buku lake la ku America likuti osakoka. Malamulo amasiyana, liwiro lokokera limasiyana, kapakiridwe ka matirela kamasiyananso, pena olo zoziziritsira injini zimene anaika ku fakitale sizifanana. Nde musasankhe nambala imene yakusangalatsani, tengani ya galimoto imene ili pabwalo panuyo. Ngati buku linatayika yang'anani kachitsulo kapena sitika ya pa felemu ya chitseko kapena pansi pa boneti. Pa galimoto zopangira msika wa ku Europe pamakhala manambala 4 otsatizana, yoyamba ndi kulemera konse kwa galimoto itadzaza, yachiwiri ndi galimoto pamodzi ndi tirela, awiri otsalawo ndi a ekiselo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Mukachotsa yoyamba pa yachiwiri mupeza pafupifupi zimene ingakoke itadzaza.

Towbar ndagulayi yalembedwa 1,500 kg, ndiye kuti ndingakoke 1,500 kg eti?

Ayi, ndipo ngati pali funso limodzi ndikufuna mulimvetse bwino ndi limeneli. Nambala ili pa towbar ikunena za towbar yokhayo, kuti chitsulocho chipirira mpaka pamenepo. Sikunena za galimoto. Galimoto ili ndi malire ake, towbar ili ndi ake, mpira uli ndi ake, kapulingi ya tirela, chipewa chija chimavala mpira, ilinso ndi ake, matayala a tirela nawo ali ndi nambala yawo pambali, ndipo chimene chili ndi nambala yochepa kwambiri ndicho chimalamula zonse. Galimoto ikati 1,000 towbar ikati 1,500, malire anu ndi 1,000.

Komanso nambala imeneyi ndi ya tirela pamodzi ndi katundu wake, osati katundu yekha. Katirela kakang'ono kamatha kulemera 150 kapena 200 kg kalibe kanthu. Mchenga ndi umene umanamiza anthu kwambiri, umaoneka wochepa mu tirela koma cubic metre imodzi imafika cha m'ma 1,500 kg kapena kuposa, ukanyowa ndiye zimaonjezekera. Madzi nawo lita iliyonse ndi 1 kg, thanki ya malita 500 ndi theka la tani kale musanawerengere thankiyo.

Ndiye pali mbali ina anthu amaiwaliratu, kulemera kumene tirela ikutsamiza pa mpira kumawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto. Tiyerekeze galimoto yanu ikuloledwa kunyamula 450 kg. Mwakwera akuluakulu 4, ndi 300 kg imeneyo, zikwama mu buti 80 kg, tirela ikutsamiza 70 kg. Mwafika kale pa 450, palibenso malo a munthu wachisanu. Ndipo zambiri mwa izi zikugwera ekiselo ya kumbuyo, galimoto imakhala pansi kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kumveka chopepera ndipo nyali zimaloza m'maso mwa anzanu obwera kutsogolo.

Ma class ndimawaona pa intaneti aja ndi chani?

Amenewo ndi magulu a ku North America. Class I imafika mapaundi 2,000 a tirela, pafupifupi 900 kg, ndi mapaundi 200 pa mpira, pafupifupi 90 kg. Class II imafika mapaundi 3,500, cha m'ma 1,590 kg. Onse awiriwa amakhala ndi bowo la makona anayi la mainchesi 1.25 lolowetsamo chitsulo chonyamula mpira. Class III ili ndi bowo la mainchesi 2, ndi ya ma SUV ndi ma pickup makamaka. Saluni nthawi zambiri imathera pa Class I kapena II, makampani monga Curt, Draw-Tite ndi Reese amapanga zoyezera model iliyonse payokha.

Ku Europe satchula ma class amenewa. Towbar yovomerezeka imakhala ndi kachitsulo kolembedwa chivomerezo cha UNECE R55, zakale zinkalembedwa 94/20/EC, ndi manambala awiri, D imene ndi mphamvu yokokera mu kN (ma kilonewton, muyezo wa mphamvu), ndi S imene ndi makilogalamu ololedwa pa mpira. Pa ma saluni ambiri S imakhala pakati pa 50 ndi 100 kg, 75 kg ndiye imaoneka kawirikawiri. Westfalia ndi Brink ndi ena mwa mayina odziwika kumeneko. Towbar yopanda kachitsulo ka manambala kalikonse ine sindingaike pa galimoto yonyamula ana anga, chifukwa palibe angakuuzeni kuti ipirira zingati.

Ndigule yokhazikika kapena yochotsa?

Yokhazikika ndi yotchipirapo ndipo ilibe zambiri zoonongeka, vuto lake imagunda miyendo mukamatsitsa katundu mu buti, pena imasokonezanso ma sensa a rivesi. Yochotsa mumaichotsa mukamaliza, galimoto imaoneka ngati ilibe kanthu, koma poibwezera muzionetsetsa kuti yalumadi, zambiri zili ndi kachizindikiro kobiriwira ndi kiyi. Ngati mukukoka mwezi ndi mwezi tengani yokhazikika. Ngati ndi kawiri pa chaka yochotsa ndi yabwino.

Mipira ija si yofanana yonse?

Ayi, ndipo apa pali ngozi yobisika chifukwa ndi maso imaoneka yofanana. Ku Europe ndi mayiko ambiri mpira ndi wa 50 mm. Ku America pali wa mainchesi 1-7/8, umene ndi 47.6 mm, wa mainchesi 2, umene ndi 50.8 mm, ndi wina waukulu wa 2-5/16. Kapulingi ya mainchesi 2 mukaivalika pa mpira wa 1-7/8 imatseka bwinobwino ngati zili bho, kenako pa bampu yoyamba yaikulu imatha kudumpha nkuchoka. Werengani nambala yodindidwa pamwamba pa mpira ndi ya pa kapulingi, zifanane. Mukatseka, yesani kunyamula mphuno ya tirela ndi manja kapena ndi kagudumu kake ka kutsogolo, ngati yalumadi galimoto iyamba kukwera nayo.

Kutalika kwakenso nkofunika. Tirela iyime mowongoka, isaloze kumwamba kapena kugwada kwambiri. Muyezo wa ku Europe umati pakati pa mpira pakhale 350 mpaka 420 mm kuchokera pansi galimoto itadzaza.

Bwanji ndingopita kwa wowotcherera andipangire, si chitsulo chomwecho?

Ndikumvetsa chifukwa chake, yogula imadula ndipo owotcherera aluso alipo. Koma vuto si luso lake, vuto ndi galimotoyo. Saluni ya masiku ano ilibe chasisi yokhuthala ngati ya pickup. Bodi ndi felemu ndi chinthu chimodzi, malata opyapyala opindidwa nkulumikizidwa, amalimba chifukwa cha mapindidwe ake osati kukhuthala. Kumbuyo kuli mipiringidzo iwiri yoyenda m'mbali pansi pa buti, ndipo opanga galimoto anasiya malo enieni olimbitsidwa, pena okhala ndi manati owotcherera kale mkati, oti towbar igwire pamenepo. Towbar yopangira model yanu imagawa mphamvu yokoka ku malo amenewo.

Moto wowotcherera ukagwira malata amenewa umafoola chitsulo cha m'mbali mwa chowotchacho, umatentha penti ndi mankhwala oteteza dzimbiri mkati momwe simungafikemo ndi bulashi, ndiye patapita zaka zingapo pamayamba kudyeka chamkati inu osaona kanthu. Thanki ya mafuta ndi mapaipi ake zilinso pafupi pomwepo. Ndipo kukoka si mphamvu yokoka kamodzi nkusiya, ndi kugwedeza kosalekeza, kutsogolo kumbuyo, mmwamba pansi, pa bampu iliyonse ndi buleki iliyonse, nde ming'alu imayamba pang'onopang'ono. Tsiku lothothoka silichenjeza, ndipo tirela yothothoka pa 80 km/h imapita kulikonse kumene yafuna, kaya kuli anthu oyenda pansi kaya galimoto ina. Chomwechonso kumangirira pa bampala kapena pa malata a pansi pa tayala la sipeya, musayerekeze. Bampala ya saluni ndi pulasitiki yokutira chitsulo chopangidwa kuti chipindike pa ngozi.

Nanga kachitsulo kozungulira kokokera galimoto ikafa kaja?

Kameneko nkokokera galimoto yokhayo kamtunda kochepa pang'onopang'ono. Sikanapangidwe kuti kanyamule kulemera kotsamira pansi, komanso nthawi zambiri kali pambali osati pakati. Si ka tirela.

Ndingamange ndekha pakhomo?

Ngati munagwirako sipanala mungathe, makamaka zija zongomanga ndi mabawuti osaboola. Zina zimatha pa ola limodzi kapena awiri, zina zofuna kuchotsa bampala zimakudyerani tsiku. Choyamba werengani pepala la malangizo lonse musanagwire kanthu, muone ngati pakufunika kuboola kapena kudula kachigawo ka bampala, kuti musadzidzimuke muli pakati.

Galimoto ikhale pa ma jack stand, zitsulo zoichirikiza ikakwezedwa, kapena ma ramp, osalowa pansi ili pa jeki yokha, chonde abale izi anthu amafa nazo. Ekizozi ikhale yozizira. Nthawi zambiri mumafunika kuitsitsa pang'ono, thirani madzi a sopo pa timalabala toipachika tija tivuke mosavuta, koma muimangirire ndi chingwe isalendewere yokha. Manati a mkati mwa felemu aja amakhala atadzaza dothi ndi dzimbiri la zaka, asukeni ndi bulashi ya waya ndi mafuta ofewetsa dzimbiri mpaka bawuti izilowa ndi zala. Mukaikakamiza ndi sipanala nkupotoza mazinga, kapena nati nkuthothoka mkatimo, ntchito ya ola limodzi isanduka ya amakaniko. Pamene palibe manati, towbar imabwera ndi kawaya kopota ngati sipuling'i kokokera bawuti ndi kachitsulo kake kudzera mkati mwa felemu mpaka itulukire pa bowo lake, apa ndi pongofatsa basi. Ngati pamalo pogwira towbar pali phula lokhuthala loteteza dzimbiri, malangizo ambiri amati mulipale kuti chitsulo chigwirane ndi chitsulo, apo ayi phulalo limafinyika mabawuti nkumasuka. Bowo lililonse mwaboola lipakeni penti.

Ponyamula towbar muitane wina agwire mbali inayo. Lowetsani mabawuti onse ndi zala kaye, kenako mumange ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa nambala yalembedwa pa pepala. Osangoti ndamanga mpaka yalira, kumanga mopitirira kumatambasula bawuti, kumanga mochepa kumapangitsa towbar kusewera nkukuza mabowo. Gwiritsani mabawuti obwera nayo, pamutu pake palembedwa 8.8 kapena 10.9, imodzi ikatayika mugule ya nambala yomweyo osati iliyonse yapezeka mu chitini. Opanga ambiri amanenanso kuti mukayenda makilomita cha m'ma 1,000 mubwerere muyesenso mabawuti onse.

Za magetsi, ndingolumikiza mawaya ku nyali za kumbuyo basi?

Pa galimoto yakale yopanda makompyuta ambiri zimatheka. Pa yatsopano samalani, nyali zimayendetsedwa ndi kompyuta imene imayeza mphamvu yodutsa pa waya aliyense, mukaonjezerapo mababu a tirela imatha kuyatsa chenjezo pa dashibodi, ma indiketa nkumaphethira mothamanga, kapena module yake nkupseratu ndipo imeneyo ndi yodula kuposa towbar yonse. Njira yabwino ndi kugula mawaya opangira model yanu, ongolowetsa m'mapulagi alipo kale osadula kanthu, okhala ndi kabokosi kotenga mphamvu ku batire kudzera pa fyuzi yake. Pa galimoto zina akamaliza amaiuza kompyuta kuti tsopano pali towbar, ndiye tirela ikalumikizidwa ma sensa a rivesi amazima okha ndipo stability control, kompyuta yoteteza galimoto kuti isaterereke, imayamba kuthandiza tirela ikamagwedezeka.

Mapulagi ake: ku America katirela kakang'ono kamagwiritsa ya mapini 4 yophwatalala, waya woyera ndi wa earth, wa bulawuni ndi nyali za usiku, wachikasu ndi indiketa ya kumanzere pamodzi ndi buleki, wobiriwira ndi ya kumanja pamodzi ndi buleki. Popeza buleki ndi indiketa zikugawana waya mmodzi, galimoto imene ili ndi ma indiketa akeake osiyana ndi nyali za buleki imafunika converter, kabokosi kophatikiza ziwirizi pa waya mmodzi. Ku Europe kuli yozungulira ya mapini 7 ndi ya mapini 13, ya 13 ndi imene ili ndi nyali ya rivesi ndi magetsi opita ku kalavani. Ma adapter apakati pa ziwirizi amapezeka.

Nyali za tirela zikayamba zachilendo, mwayatsa indiketa koma zonse zikuphethira mofooka, yambani ndi earth. Kawirikawiri ndi dzimbiri pamene waya wa earth wagwira chitsulo.

Katundu ndimuike bwanji mu tirela?

Apa ndi pamene ine ndinaphunzirira ndi mantha. Tinkasamuka, ndinapakira mabokosi opepuka kutsogolo kwa tirela chifukwa ndi amene anayamba kutuluka m'nyumba, mashini ochapira ndi mabokosi a mabuku zinabwera pomaliza nde zinakhala kumbuyo kwenikweni. Ndinasangalala kuona mphuno ya tirela ikunyamulika ndi dzanja limodzi, ndimayesa ndayipeputsira galimoto. Titafika potsetsereka liwiro litakwera pang'ono tirela inayamba kupita uku ndi uku, koyamba pang'ono kenako mpaka kumbuyo kwa galimoto kumatsatira, ana ali pa mpando wa kumbuyo. Ndinachotsa phazi pa moto nkugwira chiwongolero mpaka zinaleka, ndinaima pambali manja akunjenjemera, tinatsitsa zonse nkupakiranso pamsewu pomwepo. Kulakwa kunali kwanga ndekha.

Tirela imayenda mokhazikika ngati kulemera kwake kwapendekera kutsogolo kwa ekiselo yake. Lamulo losavuta ndi pafupifupi magawo 60 pa 100 a katundu kutsogolo kwa ekiselo, zolemera kwambiri pansi ndi pafupi ndi ekiseloyo, kumanja ndi kumanzere zofanana. Ku America amalangiza kuti pa mpira pakhale 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera konse kwa tirela, ku Europe amayenda ndi 5 mpaka 7 peresenti koma pa liwiro lotsikirapo. Kulikonse musapitirire nambala ya galimoto yanu kapena ya towbar. Tirela ya 600 kg, ndiye kuti 40 mpaka 60 kg pa mpira, pakati pa miyezo iwiriyi, ili bwino pa saluni yololedwa 75.

Kuyeza nkosavuta, sikelo yoyezera anthu ija ikwanira pa tirela yaing'ono. Ikani pamalo osalala, dulani mtengo woti mphuno ya tirela ikhale pa msinkhu wa mpira, uimikeni pa kathabwa pamwamba pa sikelo, tsamizani kapulingi pamenepo muwerenge, matayala a tirela mutawatsekera ndi miyala kapena matabwa. Kenako mangani katundu ndi malamba enieni chifukwa katundu wosamangidwa amasuntha yekha nkusintha zonse mwayeza zija.

Ikayamba kugwedezeka ndili pa msewu nditani?

Chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chowongoka ndi manja onse awiri, musayese kuthamangitsana nayo pokhotetsa uku ndi uku chifukwa mudzachedwa nthawi zonse nkuonjezera. Musaponde buleki mwamphamvu. Ndipo zimene ena amanena zoti uthamange kuti iwongoke musamvere, liwiro ndi limene likuyambitsa kugwedezekako. Ngati tirela ili ndi mabuleki amagetsi okhala ndi controller, kabokosi kowalamulira, m'galimoto, kufinya mabuleki a tirela okha ndi dzanja kumaiwongola. Zikaleka imani muone chavuta, kapakiridwe, mpweya wa matayala, kapena mwathamanga.

Tirela ikufunika mabuleki ake?

Saluni imakoka mosavuta kuposa mmene imaimira, injini singadandaule msanga koma mabuleki anapangidwira kulemera kwa galimoto yokha. Ku Europe tirela yopanda mabuleki singapitirire 750 kg komanso singapitirire theka la kulemera kwa galimoto yopanda katundu, nde saluni ya 1,300 kg imathera pa 650. Ku America state iliyonse ili ndi malire ake, koma mabuku a galimoto zambiri amafuna mabuleki tirela ikadutsa mapaundi 1,000, pafupifupi 450 kg. Mabuleki a tirela alipo a mitundu iwiri, ena amagwira okha tirela ikakankha galimoto poima, ena ndi amagetsi ofuna controller. Olo muli mkati mwa malire, siyani mpata waukulu ndi galimoto ya kutsogolo, kuwirikiza mmene mumasiyira masiku onse, mvula ikamagwa kuposa pamenepo.

Matcheni musawaiwale. Ngati alipo awiri apingasitseni pansi pa mphuno ya tirela, kuti ikathothoka igwere pa matcheniwo osati kukumba msewu. Akhale omasuka moti mutha kukhota koma osakwekwereza pansi, ndipo akoledwe pa mabowo ake a pa towbar. Tirela ya mabuleki imakhala ndi kawaya kamene kamakoka mabuleki ake ikathothoka, kameneko kakoleni pamalo ake pa towbar ulendo uliwonse.

Giyabokosi ndi injini sizionongeka?

Mdani wake ndi kutentha. Otomatiki ikamakoka mafuta ake amatentha kwambiri makamaka pokwera phiri pang'onopang'ono kapena ikamangosinthasintha magiya, mukaona ikusakasaka giya iikeni pa giya yotsikirapo ikhazikike. Ngati muzikoka pafupipafupi pafupi ndi malire funsani amakaniko za cooler yoonjezera ya mafuta a giyabokosi, ndipo mabuku ambiri amawerengera kukoka ngati ntchito yolemetsa, mafuta amasinthidwa msanga kuposa nthawi zonse. Ya manyuwale chimavutika ndi kilachi, ponyamuka pa chitunda ndi pa rivesi, mukamva fungo la kupserera ipumitseni. Potsetsereka tsitsani giya injini izigwira, mukangodalira phazi mabuleki amatentha nkusiya kugwira. Diso lizikhala pa geji ya kutentha, ikakwera zimitsani AC muime pabwino. Galimoto ikakhala yatsopano opanga ambiri amati musakoke makilomita 800 oyamba. Mafuta adya ambiri, izo ziyembekezereni, makamaka tirela ikakhala yaitali yotchinga mphepo, ndipo yamagetsi batire itha msanga kwambiri.

Matayala a kumbuyo apopeni pa nambala ya katundu wodzaza ili pa sitika ya pachitseko.

Laisensi, liwiro ndi inshuwalansi?

Izi zimasiyana dziko ndi dziko nde funsani a zamsewu kumene muli. Mwachitsanzo mu European Union laisensi ya B imalola tirela ya 750 kg, kapena yolemerapo ngati galimoto ndi tirela pamodzi sizikudutsa 3,500 kg, kupitirira apo pali malaisensi ena, B96 ndi BE. Liwiro limatsikanso, ku Germany ndi 80 km/h pokhapokha mutakhala ndi chilolezo cha 100, ku United Kingdom ndi 60 mph (mamailosi pa ola) pa motorway ndi 50 mph pa msewu wamba, ku California ndi 55 mph. Tirela imafuna nyali zogwira ntchito ndi nambala puleti yooneka. A inshuwalansi auzeni kuti mwaika towbar ndipo muwafunse ngati tirela ndi katundu wake zili mkati, ndi bwino kumva yankho lero osati pa tsiku la ngozi. Ngati galimoto ikadali pa warranty funsaninso musanaike, makamaka ngati buku likuti osakoka.

Ine ndikungofuna ya njinga, zonsezi zikundikhudza?

Nambala ya pa mpira ija ndi imene ikukukhudzani kwambiri. Chonyamulira njinga chilibe matayala, kulemera konse kwalendewera pa towbar ndipo kwatalikira kumbuyo, pa bampu kumakhala ngati munthu akukanula ndi chitsulo chachitali. Phatikizani chonyamuliracho ndi njinga zonse. Njinga yamagetsi imodzi imapitirira 20 kg, ziwiri ndi chonyamulira chake mwayandikira kale 75 kg, chotsani mabatire muike m'galimoto. Ngati njinga zikubisa nyali ndi nambala puleti pakufunika bolodi ya nyali, nde mawaya aja muwaikebe. Pa galimoto imene buku likuti osakoka, onani ngati likutchula za chonyamulira njinga padera, zina zimaloledwa chimenechi chokha.

Rivesi imandikanika, pali njira?

Gwirani chiwongolero pansi pake ndi dzanja limodzi, kumene dzanja lapita ndi kumene kumbuyo kwa tirela kupite. Pang'onopang'ono kwambiri, kukhotetsa pang'ono, ikayamba kupindika mopitirira musalimbane nayo pitani kutsogolo muwongole muyambirenso. Katirela kafupi nkovuta kuposa kakatali chifukwa kamatembenuka msanga komanso sikaoneka pa galasi, ena amaimika kandodo pa ngodya kuti azikaona. Ikapindikiratu imaphwanya bampala ndi nyali. Pitani pabwalo lopanda magalimoto muyeserere ola limodzi, ndipo ngati wina akukulozerani aime pamene mukumuona pa galasi, osati pakati pa galimoto ndi tirela. Pokhota kutsogolo muzitenga kona motakasuka, matayala a tirela amadula mkati.

Ndikaika ndiye basi, kapena pali zoyang'anira?

Zilipo koma nzochepa. Mpira muupake girisi pang'ono ndipo muuvalike kachipewa mukamaliza, kupatula ngati kapulingi yanu ndi ija yokhala ndi ma friction pad oletsa kugwedezeka monga ya kampani ya AL-KO, imeneyo imafuna mpira wouma wopanda girisi olo penti. Kamodzi pa chaka lowani pansi ndi tochi muone dzimbiri, ming'alu pamene towbar yagwira bodi, ndi mabawuti. Galimoto ikagundidwa kumbuyo, olo towbar ioneke yowongoka, ikaonedwe ndi amakaniko chifukwa mphamvu yonse yadutsa mmenemo kupita ku felemu.

Tirela nayo imaonongeka ili chiimire. Matayala ake amang'aluka ndi ukalamba mapanga akadali atsopano, onani manambala 4 omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT pambali pake, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Timatayala tating'ono timazungulira kwambiri kuposa a galimoto nde maberingi amafuna girisi, makamaka tirela ya bwato yolowa m'madzi. Pa ulendo uliwonse mukayenda makilomita 15 kapena 20 imani, yesani malamba ndi kapulingi, muyandikitse dzanja pa habu ya tayala lililonse, ikakhala yotentha moti simungaigwire ndiye kuti beringi kapena buleki ikuvuta, musapitirize musanaione.